Georgette Heyer: Mlembi wa Nthano za Chikondi ndi Katundu wa Banja Lake

Pakati pa mabuku a Chingerezi amene ophunzira amabwerekana mobisa, pali mtundu wina umene aphunzitsi ambiri auyang'ana ndi diso lonyoza, ndiwo wa nthano za chikondi. Mlandu wake umagamulidwa buku lisanatsegulidwe n'komwe. Akuti nthano zotere zonse n'zofanana: mnyamata akomana ndi namwali, ayambana, agwirizananso, ndipo tsamba lotsiriza liwaperekeza ku ukwati. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, pakuti mabuku ambiri a mtunduwu alidi opanda mchere. Koma munthu wofuna kuweruza mwachilungamo ayenera kuyamba waona ntchito ya mmisiri weniweni wa lusoli, osati ya otsanzira ake okha. Mwa amisiri otere ku Mangalande, palibe amene aposa Georgette Heyer, amene anabadwira ku Wimbledon pa 16 August 1902 namwalira ku London pa 4 July 1974, atasiya mabuku oposa 50.

Moyo wa mayi ameneyu uli ndi phindu kwa wophunzira za kalembedwe pa chifukwa china chapadera. Alembi ambiri otchuka amalemba kuti atulutse zimene zili mumtima mwao, ndipo ndalama zimadza pambuyo ngati zibwera. Heyer sanali ndi ufulu wotere. Kuyambira ali ndi zaka 23 kufikira ukalamba wake, cholembera chake ndicho chinali khasu la banja lonse, ndipo funso loyenera kufunsa n'lakuti: kodi katundu ameneyu anaononga luso lake, kapena ndiye amene analikhwimitsa?

Chiyambi chake chinali cha m'banja ndithu. Mlongo wake wamng'ono, Boris, anali wodwaladwala, ndipo Georgette, ali ndi zaka 17, anayamba kumusimbira nthano yopeka kuti amusangalatse pa matenda. Atate awo, George Heyer, amene anali mphunzitsi ndi wokonda mabuku, anaimva nthanoyo namuuza mwana wawo kuti ailembe bwino, ndipo inasindikizidwa mu 1921 ndi dzina lakuti The Black Moth. Ili ndi buku la mwana, lodzaza ndi achifwamba obisa nkhope, malupanga ndi akazi obedwa usiku, ndipo chithunzithunzi cha Baroness Orczy chioneka pa tsamba lililonse. Komabe chinthu chimodzi chinabadwa pamenepo chimene sichinamusiye konse: iye anaphunzira kusimba nthano ali ndi womvera pamaso pake, womvera amene akatopa anayenera kuonetsa kutopa kwakeko. Amene anakhalapo pa nthano za madzulo adziwa kuti wosimba wotaya nthawi ndi mawu ozungulira amatsala yekha ndi phulusa. Heyer sanataye nthawi ya womvera wake m'nthano zake za chikondi, ndipo pamene anaitaya m'mabuku ena, monga kudzaoneka m'tsogolomu, mphotho yake inali yomweyo.

Mu June 1925 atate ake anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima, osasiya chuma. Patapita miyezi iwiri anakwatiwa ndi George Ronald Rougier, katswiri wa za migodi. Amake ndi alongo ake awiri, Boris ndi Frank, anatsala akuyang'ana kwa iye, ndipo ntchito ya mwamuna wake inali yoyendayenda ndi yosakhazikika. Rougier anapita ku mapiri a Caucasus, kenaka ku Tanganyika, kumene mkazi wake anamutsatira mu 1927 nakhala naye m'nyumba ya udzu kutchire. Atachoka kumeneko anapita ku Macedonia, ndipo anabwerera kwao mu 1929. N'chinthu chodabwitsa kuti m'nyumba ya udzu ija ya ku Tanganyika analembamo The Masqueraders, nthano ya anthu olemera a ku London a zaka za m'ma 1700, a tsitsi lopaka ufa ndi zovala za silika. Dziko la Afirika limene linamuzinga silinalowe m'nthano zake. Anthu amene ankamutungira madzi ndi kumuphikira sanasiye mapazi awo m'mabuku amene anamutchukitsa. Ichi wowerenga wa kuno ayenera kuchisunga, pakuti chionetsa msanga mtundu wa mlembi amene ali naye: maso ake sanali pa zimene zinali pakhomo, koma pa dziko lina limene analimanga m'mutu mwake ndi njerwa zotengedwa m'mabuku.

Atabwerera ku Mangalande, Rougier anasiya za migodi natsegula sitolo ya zipangizo za masewero ku Horsham, ndipo pambuyo pake anaphunzira za malamulo nakhala loya mu 1939. Zaka zonse za maphunzirowo, ndi zaka zoyamba za uloya zimene sizibweretsa kanthu, banja linadya za m'cholembera. Mwana wao mmodzi yekha, Richard, anabadwa mu 1932, ndipo chaka chomwecho kunatuluka Footsteps in the Dark, loyamba mwa mabuku ake 12 a nthano za apolisi ofufuza za kuphana. Pa zaka zimenezo kawirikawiri ankatulutsa mabuku awiri pa chaka, lina la chikondi, lina la apolisi. Apa mwamuna wake anali mnzake wa ntchito weniweni: iye ndiye ankakonza msampha wa nthano za apolisizo, ndani wapha ndi mwa njira yanji, ndipo mkazi ankaumba anthu ndi kuwapatsa pakamwa. Mabuku amenewa saali pakati pa ntchito zake zopambana. Makambirano ake ndi okoma, koma munthu amva kuti mafupa ndi a wina, mnofu ndi wa wina. Phindu lao linali la kulipira lendi ndi sukulu.

Chuma chake chenicheni anachipeza mu 1935 ndi buku lotchedwa Regency Buck. Nyengo imene Angerezi aitcha Regency ndiyo ya zaka za 1811 kufikira 1820, pamene Mfumu George III inadwala misala ndipo mwana wake analamulira m'malo mwake. Imeneyo ndiyo nyengo ya nkhondo za Napoleon, ndiponso nyengo imene mabuku a Jane Austen anasindikizidwa. Heyer anakonda Austen kwambiri, ndipo anatenga kwa iye nthabwala zouma ndi maso oona kupusa kwa anthu odzikweza. Koma panali kusiyana kwakukulu. Austen analembera anthu a nthawi yake, amene sanasowe kuuzidwa kuti ngolo ya akavalo ya mtundu wakutiwakuti ioneka bwanji, kapena kuti namwali wa ulemu sayenera kuyenda mu msewu uti. Heyer analembera anthu obadwa zaka 100 pambuyo pake, motero anayenera kumanga dziko lonselo kuchokera pansi.

Pamenepa ndi pamene pali ulemerero wake monga mmisiri. Anasonkhanitsa mabuku oposa 1,000 a mbiri ndi a miyambo ya nyengoyo. Anali ndi makope m'mene analembamo, mutu ndi mutu, mitengo ya zinthu, maina a nsalu ndi zipewa, zakudya, mitundu ya ngolo, nyumba za alendo za m'misewu ikuluikulu, kapindidwe ka nsalu ya m'khosi ndi kanunkhizidwe ka fodya. Koposa zonse anatola mawu: matemberero a asilikali, chinenero cha akuba ndi cha omenya nkhonya, mawu okuluwika a anyamata olemera. Ena anawapeza m'mabuku a Pierce Egan, ena m'makalata ndi m'zolemba za anthu wamba a nthawiyo. Polemba An Infamous Army, buku la mu 1937 lonena za nkhondo ya ku Waterloo, anafika pogula kalata yolembedwa ndi dzanja la Wellington mwini kuti aphunzire kalankhulidwe kake, ndipo kufotokoza kwake kwa nkhondoyo kunalemekezedwa ngakhale ndi ophunzitsa asilikali ku Sandhurst. Mu 1940 analemba The Spanish Bride, mbiri ya chikondi cha msilikali Harry Smith ndi mtsikana wa ku Spain, Juana. Amene anayendapo ku South Africa adziwa matauni a Harrismith ndi Ladysmith, ndipo maina amenewo ndi a anthu awiri omwewa.

Komatu chimene chiyenera kuzindikirika n'chakuti chilankhulo cha m'mabuku ake si chilankhulo chimene Mngerezi aliyense wa 1815 analankhula tsiku ndi tsiku. Ndi chosakaniza. Anatenga mawu akale enieni nawathira mochuluka kuposa m'mene eni ake anawagwiritsira ntchito, nawakhazika m'ziganizo zoyenda msanga zimene wowerenga wa nthawi yake akanatha kuzitsata osapunthwa. Wowerenga akumana ndi mawu achilendo, koma malo amene mawuwo aikidwa amamuuza tanthauzo lake popanda kufunsa mtanthauziramawu. Ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kulemba nthano ya masiku a makolo m'Chichewa. Wina amathira mawu akale ndi miyambi pa chiganizo chilichonse kufikira nthano itsamwa; wina amawapewa onse, ndipo agogo a m'nthano yake alankhula ngati kalaliki wa kwa Boma. Heyer aonetsa njira yapakati: mawu akale aperekedwa kwa munthu amene amuyenera, mnyamata wa akavalo ali ndi ake, gogo wolemera ali ndi ake, ndipo munthu aliyense adziwika ndi pakamwa pake dzina lake lisanatchulidwe.

Tsono walira mvula walira matope. Mabuku atayamba kugulidwa kwambiri, msonkho unakula nao, pakuti pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ndi zaka zotsatira, Boma la Angerezi linkatenga gawo lalikulu zedi la ndalama za opeza bwino. Heyer ndi mwamuna wake sanali anthu osunga. Kuyambira mu 1942 anakhala ku Albany, nyumba za ulemu za pakati pa London, ndipo ngongole ya msonkho wa buku la chaka chatha inkalipiridwa ndi buku la chaka chino. Pa nthawi ya nkhondo anagulitsa kwa omusindikizira, a Heinemann, ufulu wa mabuku atatu, These Old Shades, Devil's Cub ndi Regency Buck, pa mtengo wa mapaundi 750 okha, mabuku amene anapitirira kugulidwa zaka makumimakumi. Pofuna kuchepetsa msonkho anakhazikitsa kampani yakeyake yosunga ufulu wa mabuku ake, koma inangomuonjezera mavuto, ndipo pomaliza anaigulitsa kwa a Booker-McConnell mu 1968 pa mapaundi pafupifupi 85,000.

Pansi pa zonsezi panali chilonda china. Mtima wake sunali pa nyengo ya Regency. Chimene analakalaka kulemba chinali mabuku atatu a mbiri ya mafumu a banja la Lancaster, a zaka za 1393 kufikira 1435, oimikidwa pa moyo wa John, mng'ono wa Mfumu Henry V. Anafufuza za ntchitoyi zaka zambiri, naiyamba, naisiya, naiyambanso. Nthawi iliyonse akakhala pansi kuti aipitirize, kalata ya msonkho inkafika, osindikiza ankakumbutsa kuti owerenga akudikira nthano ina ya chikondi, ndipo mafumu a Lancaster ankabwezedwa m'kabati. Nthano za chikondizo iye mwini ankazipeputsa m'makalata ake. Polemba Friday's Child, buku la mu 1944, anaitcha ntchitoyo zachabechabe, ngakhale anavomera kuti ikhoza kutonthoza munthu wobisala mabomba kapena wogona ndi chimfine. Pafupifupi moyo wake wonse ankakana kufunsidwa ndi olemba nyuzi. Pamene These Old Shades linagulidwa bwino mu 1926, chaka chimene antchito a dziko lonse ananyanyala ntchito ndipo bukulo silinalengezedwe m'nyuzi, anatsimikiza mumtima kuti kudzionetsa n'kosafunika. Kwa anansi anali Mayi Rougier, mkazi wa loya ndi make Richard, ndipo owerenga ambiri anadziwa dzina lake la ukwati pokhapokha atawerenga za imfa yake.

Pali alembi a mbiri ya moyo wake, Jane Aiken Hodge mu 1984 ndi Jennifer Kloester mu 2011, amene anasimba bwino za kulimbana kumeneku, ndipo n'kwapafupi kuti wowerenga amve chisoni naganize kuti banja ndi msonkho zinalanda dziko mlembi wamkulu wa mbiri. Koma maganizo amenewo sapirira akayesedwa ndi mabuku enieniwo. Umboni woposa uli mu A Civil Contract, buku la mu 1961, limene ambiri ofuna chikondi chotentha salikonda, koma limene lili pamwamba pa ntchito zake zonse.

Nthano yake ndi iyi. Adam Deveril, msilikali wa ku nkhondo ya ku Spain, abwerera kwao atate ake atamwalira, napeza kuti munda ndi nyumba ya makolo, Fontley, zamira m'ngongole, ndipo amake ndi alongo ake ayang'ana kwa iye. Akonda namwali wokongola, Julia, koma sangathe kumukwatira ali wosauka. Motero avomera ukwati wa pangano ndi Jenny Chawleigh, mwana wa wamalonda wolemera koma wosaphunzira ulemu wa apamwamba. Jenny ndi wamfupi, wojintcha, wosakongola ndi wosadziwa kucheza. Wowerenga wozolowera nthano za chikondi ayembekeza kuti Jenny adzasanduka wokongola, kapena kuti Adam adzadzuka tsiku lina mtima uli moto. Heyer akana zonse ziwiri. Jenny akhalabe monga analili. Chimene achita ndicho kuyang'anira nyumba, kudziwa chakudya chimene mwamuna wake akonda, kukhala chete pamene iye watopa, ndi kupirira podziwa kuti mwamunayo aganizabe za wina. Adam naye aphunzira ulimi, alimbana ndi manyazi akudya chuma cha mpongozi wake, ndipo pa masiku a Waterloo mu 1815, London yonse ili ndi mantha, aika ndalama zake zonse pa zikalata za ngongole ya Boma pokhulupirira kuti Wellington sagonja. Atapambana namasuka ku ngongole, apeza kuti munthu amene afuna kumuuza nkhaniyo ndi Jenny, osati Julia.

Palibe mtsikana wa zaka 19 amene akanalemba buku limeneli, ndipo palibe kafukufuku wa m'mabuku amene akanaliphunzitsa munthu. Mnyamata amene imfa ya atate ake imusenzetsa banja, amene asiya chimene mtima wake ufuna nakwatira chimene chidzadyetsa abale ake, amene achinyoza poyamba koma pang'onopang'ono apeza kuti moyo wake weniweni uli momwemo: ameneyu afanana kwambiri ndi mlembi wake. Sikuyenera kunena kuti Heyer anachita dala kudzijambula, pakuti iye sananene chotero. Koma kudziwa kwake kwa kulemera kwa ngongole, kwa kunyada kovulala kwa munthu wodyetsedwa ndi wina, ndi kwa chikondi chimene chikula mwa kuzolowerana, n'kudziwa kwa munthu amene anakhala zaka 36 akuwerenga ndalama za pakhomo. M'mabuku ake ena a ukulu wake muli chomwecho mochepera. Mu Cotillion, la mu 1953, namwali asiya mnyamata wokongola wochititsa kaso nasankha Freddy, amene anthu amuyesa wopusa koma adziwa kukonza zinthu zikasokonekera. Mu Frederica, la mu 1965, mtsikana wamkulu alera azing'ono ake amasiye, ndipo mwamuna apeza njira ya ku mtima wake mwa kusamala ana amenewo, makamaka pa kudwala kwa kamnyamata Felix. Chikondi cha mwa Heyer wokhwima chiyesedwa pa mphasa ya wodwala ndi pa buku la ndalama, osati pa kuwala kwa mwezi.

Zofooka zake siziyenera kubisidwa. Dziko lake ndi lopapatiza, la mabanja olemera owerengeka, ndipo iye akhulupirira ndi mtima wonse kuti magazi a ufumu aonekera okha. Mu These Old Shades mwana wa mfulu woleredwa ndi osauka akhalabe wanzeru ndi waulemu, pamene mwana wa mlimi woleredwa m'nyumba ya mfulu angolakalaka khasu. Chiphunzitso chotere n'chonyansa, ngakhale chitavala nthabwala. Mu The Grand Sophy, la mu 1950, muli Myuda wokongoza ndalama mwa katapira amene ajambulidwa ndi chipongwe chonse chakale cha odana ndi Ayuda, ndipo ichi chinalembedwa patangopita zaka 5 dziko litaona zimene Hitler anachita kwa mtundu umenewo. Osauka alowa m'nthano zake kawirikawiri kuti wolemera aonetse chifundo chake, monga kamnyamata kosesa m'chumuni mu Arabella. Za kumene chuma cha nyumba zazikuluzo chinachokera, minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ndi malonda a ku India, iye safunsa. Mphunzitsi wopereka mabukuwa kwa ophunzira ayenera kuwaonetsa zimenezi poyera, monga momwe awaonetsera ukoma wa makambirano ake.

Ndipo kunena kuti ntchito yotere ndi yongotayitsa nthawi n'kuiwala kuti pali nthawi zina zimene munthu afunadi kuzitaya. Heyer sankasamala makalata a omutama, koma imodzi anaisunga. Inachokera kwa mayi wina amene anakhala zaka 12 m'ndende ya andale ku Romania, amene analemba kuti m'zaka zimenezo ankasimbira akaidi anzake nthano ya Friday's Child kuchokera pamtima, mobwerezabwereza, kuti mitu yao isasokonezeke. Ndilo buku lomwe lija mwini wake analitcha zachabechabe, ndipo linabwerera ku ntchito imene nthano yake yoyamba inagwira pa bedi la Boris.

Buku lake lotsiriza la chikondi, Lady of Quality, linatuluka mu 1972. Za mafumu a Lancaster sanazitsirize. Atamwalira, mwamuna wake anasonkhanitsa zimene zinalipo, gawo loyamba lokha ndiponso losatha, ndipo zinasindikizidwa mu 1975 ndi dzina lakuti My Lord John. Kafukufuku wake ndi wozama monga mwa masiku onse, koma maina achuluka kotero kuti wowerenga asochera, mawu akale athiridwa mopanda muyeso umene iye anausunga bwino m'nthano za Regency, ndipo nthabwala zake zija zamira. Ambiri mwa okonda Heyer amene awerenga Frederica kasanu kapena kakhumi, buku limeneli aliyamba ndi ulemu nalisiya pakati.